Munda Sukula, Koma Mbale Zikuchuluka

Mawu a mlangizi wa zaulimi wa dera la Nkhunga pa chikondwerero cha zaka khumi za kopaletivu yathu

 

A tcheyamani atandiuza kuti ndidzalankhule lero, komanso kuti mawu anga adzalowa m'kabuku ka chikondwererochi, mtima unagunda. Ambiri a inu munayamba kugwira khasu ine ndisanabadwe. Ine changa ndi setifiketi ya ku koleji ya zaulimi ndi kanjinga kaja mumakaona ndikukankha mumchenga. Ndiye musayembekezere kuti ndikuphunzitsani kulima ayi. Ndabwera ndi funso limene lakhala likundisowetsa tulo, kuti mwina tikalisenza tonse lipepuka: ana ali kumsanawa adzadya chiyani, ndipo chidzachokera m'munda uti?

Taimani pa msewu wa M5 pa Dwangwa paja, muyang'ane uku ndi uku. Kum'mawa kuli nyanja. Kumadzulo kuli mapiri, nkhalango ya Dwambazi ndi malo osungirako nyama a Nkhotakota, amene a African Parks anayamba kuwayang'anira mu 2015. Njovu pafupifupi 500 zimene anabwera nazo kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017 nazo zili ndi pawo, waya anamanga. Pakatipa pali nzimbe. Ife tili pa kamzere kotsalako. Makolo athu munda ukatopa ankangosamuka n'kukatsegula mphanje kwina. Ife tisamukira kuti?

Pamene malowo aima, anthu sanaime. Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi muno. Wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. M'boma lathu la Nkhotakota tinalipo pafupifupi 229,000 mu 1998, koma pofika 2018 tinali titakwana pafupifupi 393,000. Zaka makumi awiri zokha zimenezo. Odziwa zowerengera anthu akuti pomafika 2050 dziko lino lidzakhala litadutsa 30 miliyoni. Koma tisiye mamiliyoni, tiwerenge za pakhomo. Agogo anali ndi maekala asanu ndi atatu, anagawira ana anayi, aliyense maekala awiri. Anawo akagawiranso ana awo anayi, mdzukulu atsala ndi theka la ekala. Pa theka la ekala limenelo pachoke kondowole wa chaka chonse, fizi, sopo ndi malata. Boma linakhazikitsa masomphenya a Malawi 2063 mu Januwale 2021, ndipo mzati woyamba ndi ulimi wokolola zambiri komanso wa bizinesi. Kwa ine masomphenya amenewo ndi theka la ekala lija basi. Likamudyetsa mdzukuluyo, tapambana. Likalephera, adzakwera basi ya ku Joni.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga, kuti musaone ngati ndikuloza chala. Chaka changa choyamba kuno ndinabwera ndi mutu wotentha ndi ulimi wa mtayakhasu. Ndinali nditaona ndi maso anga minda ya ku Zidyana ndi ku Mwansambo, kumene a Total LandCare ndi a CIMMYT, mogwirizana ndi unduna wa zamalimidwe, akhala akuyesa ulimi wosagalauza nthaka ndi wophimbira kuyambira cha m'ma 2005. Kumeneko chimanga chophimbira chimaposa cha m'mizere, makamaka pakapita zaka zingapo ndiponso mvula ikadula. Ndiye ndinakakamiza mayi ena kuti tiphimbire munda wawo wonse, munda wa m'munsi, m'mphepete mwa dambo. Anakana, ine ndinaumirira. Mvula itabwera yambiri, madzi anadikha pansi pa mapesi, chimanga chinachita chikasu, sitinakololemo kanthu kooneka. Mayiwo sanandikalipire. Anangoti, "Alangizi, buku lanulo analilembera minda ya kumtunda." Chaka chimenecho anakagwira ganyu chifukwa cha ine, ndipo ndikawaona mpaka lero manyazi amandigwira. Paja amati safunsa anadya phula. Kuyambira pamenepo, njira iliyonse yatsopano ndimati tiyese pa mizere khumi kaye, osati munda wonse, ndipo mwini munda ayambe wanena mmene madzi amayendera m'mundamo.

Komabe kuphimbirako sikunalakwe, ndinalakwa ndine posankha malo. Pa minda ya kumtunda, yamchenga, imene imauma mvula ikangodula sabata imodzi, mapesi ndi bulangete la nthaka. Nanga n'chifukwa chiyani mwezi wa Ogasiti ukafika dera lonse limakhala utsi wokhawokha? Timatentha mapesi a chimanga, timatentha udzu wa mpunga m'madambo, ena pofuna mbewa, ena pofuna kuti kusosa kuphweke. Kenako Novembala akafika tili pa mzere kudikira feteleza. Mu 2020 thumba la feteleza kusitolo linali cha m'ma K20,000, lero linadutsa kale K100,000. La makuponi linali K4,495 pamene AIP imayamba mu 2020, pofika 2022 linali K15,000, ndipo si aliyense amene dzina lake limatuluka. Kwacha inagwa mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo feteleza timagula kunja ndi madola. Mtengo umenewo sitingausinthe tili pa Nkhunga. Koma machesi ali m'thumba mwathu, amenewo tikhoza kuwasiya.

Ambiri mwayamba kupanga manyowa a Mbeya, ndipo ndikuthokozeni. Mmene timaphunzitsira kuno ndi motere: makilogalamu 20 a ndowe zouma zosinja za mbuzi, nkhuku kapena nkhumba, 20 a madeya, 10 a phulusa losefa, 10 a feteleza, ndi madzi malita asanu. Musakanize bwino, muike m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, mumange zolimba kuti mpweya usalowe, mudikire masiku 21. Ookera mupange ndi NPK, obereketsa mupange ndi Urea, musaphatikize. Koma ndinene chilungamo pano, chifukwa ena amalankhula ngati ndi matsenga. Makilogalamu 10 a feteleza sasanduka 50. Chimene mwawonjezera ndi mphamvu ya ndowe ndi phulusa, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti nthaka imayamba kusunga chinyezi ndi kubwerera mwakale pang'onopang'ono. Pa munda woguga kwambiri chaka choyamba musayembekezere zodabwitsa. Ndipo wopanda mbuzi kapena nkhuku ndowe azitenga kuti? N'chifukwa chake ndimati khola ndi gawo la munda.

Tsopano ndifike pa chinangwa, chifukwa kwa ife a kunyanja chakudya ndi chimenechi. Alendo akabwera amatifunsa za chimanga, koma ife tikudziwa kuti nyumba imene ili ndi munda wa chinangwa sigona ndi njala. Chimapirira chilala, chimadikira m'nthaka mpaka tichifune, masamba ake ndi chigwada. Koma mbewu imene imatisunga chonchi ndi imene timaisamala mochepa kuposa zonse. Timaibzala pa munda womwewo chaka ndi chaka, osaipatsa kalikonse, ngati kuti imadya mphepo. Chinangwa chimachotsa chakudya chambiri m'nthaka, makamaka potashi. Mukaona mizu ikuchepa, ikuonda ngati zala, musati mbewu yatha mphamvu yokha, nthaka nayo yatopa. Musinthanitse ndi mtedza, khobwe kapena nandolo. Mukazula mtedza muone tizotupa tili pa mizu yake: timeneto timatenga nayitirojeni mumpweya n'kumuika m'nthaka, ulere. Ngati munda ndi wochepa moti simungasinthanitse, bzalani mtedza kapena khobwe pakati pa mizere miyezi yoyamba chinangwa chisanatseke. Mupeza ndiwo, mupeza kandalama, udzu nawo uchepa.

Akuluakulu muli pano mukukumbuka kodikodi wa m'zaka za m'ma 1980, mmene anapululira chinangwa ku Nkhata Bay ndi m'mphepete mwa nyanja muno mpaka anthu kusowa chakudya. Chinatipulumutsa ndi kamavu kakang'ono kochokera ku South America kamene akatswiri anakamwaza kuti kazipha kodikodiyo. Lero adani athu ndi ena awiri. Woyamba ndi khate, limene limapiringiza masamba n'kuwachititsa mawanga achikasu. Wachiwiri ndi woopsa kwambiri chifukwa amabisala: mtengo umaoneka bwinobwino, koma mukazula n'kudula muzu, mkati muli zouma zabulauni ngati chikuni chofumbwa. Amayi amene mumasenda ndi kuviika mukuzidziwa, theka la dengu limathera kutaya. Matenda awiri onsewa alibe mankhwala opopera. Amafala ndi tintchentche toyera, koma kwambiri timawanyamula ndife tomwe, pa njinga, m'mitolo ya mbewu imene tapempha kwa achibale osaona munda umene yachokera.

Ndiye pempho langa loyamba kwa komiti ndi ili: kopaletivu ikhale ndi munda wakewake wochulukitsira mbewu ya chinangwa, ngakhale theka la ekala, patali ndi minda ina. Mbewu yoyambira tikaitenge yoyera kudzera ku malo a kafukufuku monga Mkondezi ku Nkhata Bay kapena Chitala ku Salima. Mitundu ngati Sauti ndi Sagonja ilipo ya kondowole, Manyokola alipo wokazinga ndi wogulitsa pa msewu. Sindikunena kuti mutaye mitundu ya makolo imene mumaikonda kukoma kwake, koma nayo muziisankha: muzilemba chizindikiro mitengo yathanzi isanafike nthawi yozula, ndipo uliwonse wodwala muuzule msanga n'kuukwirira, ngakhale mtima ukuwawa. Podula, zidutswa zikhale masentimita 25 mpaka 30, za pakati pa mtengo, ndipo mubzale ndi mvula yoyamba pa mpata wa masentimita 90. Chizolowezi chobzala chinangwa mu Febuluwale, titamaliza zina zonse, ndicho chimatidyera zokolola. Mbewu yoyera ndi malonda pa yokha. Mabungwe ndi alimi a madera ena amaifunafuna chaka chilichonse, ndipo akhoza kumadzaigula kwa ife.

Za mpunga ndidutsa mwachangu pa kalimidwe, chifukwa ambiri munaona pa munda wachitsanzo. Njira ija ya SRI inayambira ku Madagascar m'zaka za m'ma 1980. Timawokera mbande zanthete, za masiku 8 mpaka 15, imodzi pa phando, motalikana masentimita 25 mbali zonse, pa chingwe. Poyamba munda umaoneka ngati wamasiye, anthu odutsa amaseka. Pakatha mwezi phando limodzi lija laphukira ana ambirimbiri. Mbewu imene imalowa ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kumwaza kapena kuwokera mbande zisanu pa phando. Koma njirayi imafuna munda wosalaza, wa migula yabwino, woti madzi mukhoza kuwalowetsa ndi kuwatulutsa. Pa dambo loti madzi amabwera mwaukali n'kufika m'mawondo, mbande zanthete zimamira. Pamenepo wokerani zokulirapo, koma mzere ndi mpata musasiye. Sindikufuna kubwereza zimene ndinawachita mayi aja.

Madziwo ndiye nkhani ina. Palibe amene waiwala kumapeto kwa Febuluwale 2024, pamene Dwangwa anasefukira, anthu kutaya miyoyo, nyumba kugwa, mabanja kukagona m'misasa, minda kukwiririka ndi mchenga. Mwezi wotsatira womwewo boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Chaka chimodzi, kuno madzi, kwina dzuwa. Mvula sitingailamule, koma talima mpaka m'milomo ya mitsinje, tadula mitengo ya m'magomo kuotcha makala ndi kuwambira nsomba. Madzi akatsika sapeza chowagwira. Dothi limene limachoka m'munda mwanu silithera panjira, limakatsira m'mitsinje ndi m'nyanja, n'kukakwirira malo amene nsomba zimaswerana. Mpasa umene umakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira umafuna miyala yoyera, osati matope. Ambiri a inu ndinu alimi m'mawa, asodzi usiku. Mukalima m'mphepete mwa mtsinje mukudzibera nokha ndiwo. Siyani bango ndi nsenjere zimere m'mbali mwa mtsinje, bzalani nsungwi, ikani vetiva pa akalozera m'minda yotsetsereka. Mafumu, apa mawu anu ndi amene amamveka kuposa anga.

Koma zonse ndanenazi n'zachabe ngati mlimi akolola zambiri n'kukhalabe wosauka. Palibe amene adzasamale nthaka imene simubwezera kanthu m'thumba. Apa ndiye pali ntchito ya kopaletivu, ndipo mundilole ndilankhule mosapsatira ngakhale lero ndi tsiku la chisangalalo.

Tinagwirizana kuti mpunga tizisonkhanitsa, tizisunga, tizigulitsa pamodzi mtengo ukakwera. Nanga n'chifukwa chiyani mwezi wa Meyi ndi Juni timakumana ndi matumba a mamembala ali pa njinga m'bandakucha, kulowera kwa mavenda? Tonse tikudziwa kuti nthawi yokolola mtengo umakhala pansi kwambiri, ndipo pofika Disembala mpunga womwewo, uli m'nyumba ya venda, wakwera. Tikudziwanso za ndowa zija zotambasuka kukamwa ndi masikelo osadindidwa. Koma sindikufuna kunyoza amene amagulitsa kumbali, chifukwa ndinakhalapo nawo pansi n'kumva. Wina mwana wabwezedwa kusukulu. Wina ali ndi matenda m'nyumba. Wina anatenga katapila mu Januwale, wobweza ndi thumba la mpunga, ndiye mpungawo unagulitsidwa usanatulutse n'komwe ngala. Munthu wotere ukamuuza kuti dikira mpaka Okutobala, akuona ngati ukumuseka. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, eti?

Venda amatiposa pa chinthu chimodzi chokha: amalipira lero. Ndiye pempho langa lachiwiri ndi lakuti pa msonkhano waukulu ukubwerawu mukambirane zokhala ndi thumba la ndalama loti membala akabweretsa mpunga ku nyumba yosungiramo, alandireko gawo lina pompopompo, yotsalayo adzalandire tikagulitsa. Ndalama zake zichokere ku masheya, ku gawo la phindu limene tikanagawana, ngakhale kubwereka ku mabanki m'khonde athu omwe pa chiwongoladzanja chomveka. Zidzawawa chaka choyamba chifukwa zogawana zidzachepa. Koma popanda zimenezi nyumba yosungiramo katundu idzakhala yongosungiramo mipando ya misonkhano.

Ndipo tikagulitsa, tisamagulitse wosapuntha. Thumba la makilogalamu 50 la mpunga wamakoko limatulutsa makilogalamu 30 kapena kupitirirapo pang'ono a mpunga woyera. Tengani pensulo, muchotse ya chigayo, ya thumba ndi ya mayendedwe, muyerekeze ndi mtengo wa Kilombero wa m'mapaketi m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Kusiyana kumene mukuonako ndi ndalama imene timapatsa ena chaka chilichonse. Madeya a mpunga amatsala ndi ife kudyetsa nkhuku ndi nkhumba, mankhusu amapita ku khola n'kubwerera kumunda ngati manyowa. Chimodzimodzi chinangwa: makaka oyanikidwa pa thandala, oyera, ndi ufa wopakidwa bwino zili ndi mtengo wina kusiyana ndi zoyanika pa mchenga. Msika wina uli pakhomo pompano. Anthu ogwira ntchito ku nzimbe pa Dwangwa amalandira malipiro mwezi ndi mwezi ndipo ambiri alibe minda. Amadya tsiku lililonse.

Kilombero amagulidwa chifukwa cha fungo ndi dzina. Membala mmodzi akathira Faya pansi pa thumba, kapena mpunga wosauma, kapena timiyala towonjezera kulemera, wogula sadzati ndi uje, adzati ndi a kopaletivu ya ku Nkhunga. Zaka khumi zomanga dzina zikhoza kuthera pa thumba limodzi. Amene amalandira katundu pa sikelo asachite manyazi kubweza thumba, ngakhale likhale la a tcheyamani. Pepani a tcheyamani, ndangopereka chitsanzo. Mbewu nayo tiziisintha pakapita zaka zingapo ndi yovomerezeka, yochokera ku kafukufuku wa mpunga ku Lifuwu, chifukwa yobwezabweza imasakanikirana m'munda mosadziwika.

A komiti, mbali yanu ndi mabuku. Makopaletivu ambiri amene ndawaona akugwa sanagwe ndi chilala, anagwa ndi kukayikirana. Membala akafunsa kuti mpunga unagulitsidwa kwa yani, pa mtengo wanji, ayankhidwe ndi risiti, osati ndi mkwiyo. Ziwerengero zizimatidwa pa khoma kuti aliyense aziona. Ndipo abambo, ndinene ichi ndithawe: amene amawerama m'matope kuwokera, kupalira ndi kuwinga mbalame kwambiri ndi amayi. Tsiku lolandira ndalama asamangomva kwa anthu kuti zinatuluka.

Ndikayang'ana m'bwalo muno ndikuona imvi zambiri. N'zaulemu, koma zikundidetsa nkhawa. Anyamata ndi atsikana athu sadana ndi ulimi, amadana ndi kudikira miyezi isanu ndi umodzi kuti agwire ndalama, komanso kulima munda umene sadzauyankhulira kanthu. Apatseni kachigawo kawokawo, ngakhale kotala la ekala, alime tomato, anyezi kapena chimanga chachiwisi cha m'dimba, ndalama yake ikhale yawo. Kopaletivu iwatsitsire mtengo wa sheya yoyamba. Ntchito ya sikelo, ya mabuku, yofufuza mitengo ndi ogula pa foni, amaitha kuposa ife. Theka la ekala lija ndi lawo, ndiye ayambe kuliphunzira tidakali moyo.

Chomaliza ndi chaching'ono. Aliyense agule kope la sukulu limodzi, likhale la munda. Muzilembamo tsiku lobzala, mbewu yanji, mwalowetsa zingati, aganyu mwawalipira zingati, mwakolola matumba angati, mwagulitsa pa mtengo wanji. Amene kulemba kumawavuta, mdzukulu alembe. Ndikamayendera minda chaka chino ndiziyamba kupempha kopelo ndisanaone mbewu, chifukwa ambiri tikafunsidwa ngati mpunga wa chaka chatha unatipindulira timayankha kuti "unachita bwino", koma osadziwa ngati unabweza zimene tinalowetsa. Lachinayi lililonse m'mawa ndimakhala pa munda wachitsanzo. Sabata ikubwerayi tidzayamba kusankha ndi kulemba chizindikiro mitengo ya chinangwa yoti tidzatengeko mbewu. Aliyense abwere ndi chikwanje, tizingwe tomangira, ndi muzu umodzi wa m'munda mwake kuti tidzaudule tonse tione mkati.